Dzina Limabwera Pambuyo: Kuphunzitsa Mawu ndi Kumvetsa Nkhani Kudzera mu Hatchet ya Gary Paulsen

Nthano yaitali yotchedwa Hatchet, yolembedwa ndi Gary Paulsen ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1987, ili m'gulu la mabuku amene aphunzitsi a ku United States ndi ku Canada amawerenga kawirikawiri ndi ana a zaka zapakati pa 10 ndi 13. Bukuli linapatsidwa ulemu wa Newbery Honor mu 1988, ndipo m'zaka zotsatira kunabadwa timabuku ndi mapepala ankhaninkhani othandiza mphunzitsi poliphunzitsa. Zambiri mwa zothandizirazi zimatsata njira imodzi. Mutu uliwonse usanawerengedwe, ophunzira amapatsidwa mndandanda wa mawu oganiziridwa kuti ndi ovuta kuti akapeze matanthauzo ake mu mtanthauziramawu. Mutuwo ukatha, amayankha mafunso oyesa ngati amvetsa nkhani. Njirayi si yachilendo kwa aliyense amene anadutsa m'kalasi ya chiyankhulo. Chodabwitsa n'chakuti bukuli palokha lili ndi maganizo ake pa za momwe munthu amadziwira mawu, ndipo maganizowo akutsutsana ndi ndondomeko imene ambiri amaliphunzitsira. M'nthanoyi chinthu ndicho chimayamba, dzina limabwera pambuyo. M'kalasi dzina ndilo limayamba, chinthu n'kumatsatira, mwinanso osafika n'komwe.

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ndi wosavuta kumulongosola. Brian Robeson, mnyamata wa zaka 13 wokulira m'tauni m'dera la New York, wakwera kandege ka injini imodzi kupita kukachezera bambo ake amene akugwira ntchito kuzitsime za mafuta kumpoto kwa Canada. Ukwati wa makolo ake wangotha kumene, ndipo mnyamatayu akusunga chinsinsi chimene chikumudya mumtima: anaona mayi ake ali m'galimoto ndi mwamuna wina. Ali mumlengalenga, woyendetsa ndege akufa mwadzidzidzi ndi matenda a mtima. Ndege ikupatuka panjira yake, mafuta akutha, ndipo Brian akuigwetsera m'kanyanja kena pakati pa nkhalango. Akupulumuka ndi zovala za m'thupi ndi kankhwangwa kamene mayi ake anamupatsa ponyamuka, komwe ndi kamene kanapereka dzina ku bukuli. Akukhala yekhayekha masiku 54.

Kugwiritsa ntchito nkhani ya munthu wotayika pophunzitsa ana si nzeru ya dzana. M'buku lake la Émile la mu 1762, Jean-Jacques Rousseau, amene sankafuna kuti mwana apatsidwe mabuku msanga, analola buku limodzi lokha kuti likhale loyamba: Robinson Crusoe, nthano ya Daniel Defoe ya mu 1719. Chifukwa chake chinali chakuti pachilumba chinthu chilichonse chimayesedwa ndi ntchito yake, osati ndi zimene anthu amanena za icho. Joachim Heinrich Campe, mphunzitsi wa ku Germany, anatenga ganizoli n'kulemba Robinson der Jüngere mu 1779 ndi 1780. M'buku lakelo bambo akusimba nkhani ya Robinson madzulo ndi madzulo, ana n'kumamudula pakamwa ndi mafunso, iye n'kumawafotokozera mawu ndi zinthu zimene sakuzidziwa. Munthu akhoza kunena kuti mafunso a kumvetsa nkhani analowa m'nthano za mtunduwu kuyambira pamenepo. Campe anasinthanso chinthu china chachikulu. Defoe analola Crusoe kutola mfuti, zida ndi chakudya m'chombo chosweka atangofika pachilumba; Campe anamumana zonsezo Robinson wake kuti ayambe ndi manja okha. Paulsen ali mbali ya Campe. Thumba la zinthu zopulumukira lili m'ndege pansi pa madzi kuyambira tsiku loyamba, koma mlembi akulisunga komweko mpaka mitu yomaliza.

Pali zifukwa zomveka zimene nkhani yotere imathandizira wophunzira mawu, ndipo zifukwazo zili m'kamangidwe kake. Dziko la Brian ndi laling'ono: nyanja, thanthwe limene akugona pansi pake, moto, njala, udzudzu, kankhwangwa. Zinthu zochepazi zikubwera mobwerezabwereza m'mitu yonse 19, nthawi iliyonse pamalo osiyana pang'ono, ndipo mawu ozitchula akubwera nazo limodzi. Kafukufuku wa William Nagy, Patricia Herman ndi Richard Anderson wa mu 1985 anaonetsa kuti mwana amatha kutola tanthauzo la liwu latsopano pongowerenga, koma mwayi woti atero atakumana nalo kamodzi kokha ndi wochepa. Chimene chimathandiza ndi kukumana nalo kambirimbiri. Nthano yokhala ndi apangankhani khumi, mizinda itatu ndi zaka makumi awiri imamwaza mawu ake. Nthano ya mnyamata mmodzi pagombe limodzi imawaunjika pamodzi. Kalembedwe ka Paulsen kakuwonjezera pamenepa. Ziganizo zake ndi zazifupi, zina za liwu limodzi lokha, ndipo amakonda kutenga liwu n'kulibwereza katatu kapena kanayi m'ndime imodzi, monga amachitira munthu wamantha amene maganizo ake akungozungulira pamodzimodzi. Kwa wowerenga wamkulu kubwerezaku nthawi zina kumatopetsa, makamaka m'mitu yoyamba pamene mawu a chinsinsi ndi kutha kwa ukwati akungomveka ngati ng'oma ya pamaliro. Kwa wophunzira, kubwereza komweko ndi popumira.

Koma chuma chenicheni cha bukuli pankhani ya mawu chili pena. Brian ndi mwana wa m'tauni amene zambiri zomuzungulira sakuzidziwa mayina. Poyamba maso ake akungoona kubiriwira kosasiyanitsika. Njala itamukola, akutsatira mbalame mpaka kupeza zipatso zofiira zokhala ndi nthanga, akuzidya mosadziletsa, ndipo usiku akutsekula m'mimba ndi kusanza. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma Brian analibe womufunsa. Mphunzitsi wake inali mimba yake. Zipatsozo akuzipatsa dzina lakelake, gut cherries, lotengera zimene zinachita m'matumbo mwake. Mbalame zina zofananako ndi nkhwali, zimene zimangokhala phee mpaka munthu atatsala pang'ono kuziponda kenaka n'kuuluka mwaphokoso, akuzitcha foolbirds, kunena kuti mbalame zopusa. Ngakhale masiku ofunika sakuwatchula ndi mayina a pakalendala. Akuwakumbukira ndi zimene zinachitika, monga tsiku la nyama yoyamba ndi tsiku la muvi woyamba. Dzina lililonse limene akupanga ndi chidule cha zimene wakumana nazo.

Mayina a m'mabuku akubwera m'mawu otsiriza, mnyamatayo atapulumutsidwa kale. Atabwerera kwawo akufufuza ndi kupeza kuti zipatso zija ndi chokecherry, mbalame zija ndi ruffed grouse, ndipo zitsamba zimene zinkabisalamo ndi hazelnut. Mlembi anasunga mayinawa dala. Akanatha kuwaika m'kamwa mwa wofotokoza nkhani pa tsamba limene zinthuzo zikuonekera koyamba, poti nthanoyi siikusimbidwa ndi Brian mwiniwake, ndiponso Paulsen, amene anamwalira mu 2021, anakula akusaka m'nkhalango za kumpoto kwa Minnesota ndipo ankawadziwa bwino lomwe. Sanatero. Wowerenga akufika pa liwu loti chokecherry atadziwa kale mtundu wa chipatsocho, kuwawa kwake ndi zotsatira za kuchidya mwaphuma, kotero kuti liwulo likugwera pamalo okonzedwa kale. Akhozanso kuona yekha kuti dzina la Chingerezilo linapangidwa monga la Brian, pakuti gawo lake loyamba likunena za kutsamwa: amene anayamba kulitchula nayenso anayamba walawa. Tsono mphunzitsi amene angalembe mayinawa pabolodi mutu usanayambe, ndi zithunzi zake pambali, ndiye kuti wapasula m'mphindi zisanu chimene mlembi anamanga m'mitu yambiri.

Apa sipakutanthauza kuti kuphunzitsa mawu mwachindunji n'kosafunika. Isabel Beck, Margaret McKeown ndi Linda Kucan, m'buku lawo la Bringing Words to Life la mu 2002, anagawa mawu m'magulu atatu: a tsiku ndi tsiku amene mwana amabwera nawo kuchokera kunyumba, a m'mabuku amene amapezeka m'maphunziro osiyanasiyana koma samveka kawirikawiri pocheza, ndi a luso limodzi amene sapezeka kunja kwa ntchito yake. Langizo lawo linali lakuti nthawi ya mphunzitsi ithere kwambiri pa gulu lachiwiri. Wolemba mndandanda amakopeka msanga ndi gulu lachitatu, chifukwa mawu ake ndiwo amaoneka ovuta m'maso. Mitu yoyambirira ya Hatchet ili ndi mawu a m'ndege, monga altimeter, chipangizo choonetsa momwe ndege yakwerera m'mwamba. Ophunzira amaloweza liwuli, amalilemba pamayeso a Lachisanu, ndipo ndege ikamira liwulo limamira nayo. Choipa kwambiri n'chakuti Brian mwiniyo sakuzidziwa bwino zipangizo zambiri zimene zili patsogolo pake, ndipo mantha a m'mitu imeneyi akuchokera pa kusadziwako. Wowerenga amene waphunzitsidwa dzina ndi ntchito ya chipangizo chilichonse amadziwa zambiri kuposa mwininkhani, ndipo mantha aja samufika.

Pali liwu lina laling'ono, asset, limene likhoza kubweza bwino nthawi imene mphunzitsi angatayirepo. M'mutu 5 Brian akukumbukira mphunzitsi wake wa Chingerezi, Perpich, amene ankauza ana kuti chuma chachikulu chimene munthu ali nacho ndi iye mwini. Akukhuthula m'matumba mwake n'kuyala pansi zimene ali nazo: timakobidi, chowengera zikhadabo, ndalama yapepala ya madola 20. Pamenepo liwu lija likuyamba kusintha. Ndalama yapepala, imene m'tauni ndi chuma, pambuyo pake akuing'amba tizidutswa kuti akolezere moto, ndipo ngakhale ntchito imeneyo ikuikanika. Chingwe cha nsapato, chimene palibe amachiwerengera, chikusanduka nsinga ya uta. Liwu limodzi lotere likhoza kutsatidwa mpaka kumapeto, tanthauzo lake likukula pamodzi ndi mnyamatayo, ndipo wophunzira adzakumana nalonso m'maphunziro a zamalonda ndi zachuma. Mtanthauziramawu amapereka tanthauzo lake m'mzere umodzi. Nthanoyi ikulipereka m'masiku 54.

Pankhani ya kumvetsa nkhani vuto ndi lofananako. Funso lofala m'mapepala aja ndi lofuna kukumbukira chabe: ndi nyama yanji inalowa mumsasa wa Brian usiku, anapeza mazira angati, anakhala masiku angati. Mafunso otere ali ndi ntchito yake, yotsimikiza kuti mwana watsegula buku, koma mayankho ake amapezeka ndi chala, osati ndi maganizo. Nthano ya kupulumuka m'tchire imayenda ndi zifukwa ndi zotsatira zake, ndipo mitu 8 ndi 9, imene ikusimba za kupezeka kwa moto, ndiyo chitsanzo chabwino. Nungu ikulowa mumsasa mumdima. Brian akuiponyera kankhwangwa, akuiphonya, chitsulo chikumenya thanthwe n'kuthetheka, ndipo nunguyo ikumusiya ndi minga m'mwendo. Pa nthawiyo kuthetheka kuja sakukulabadira. Maganizo ake ali pa ululu. Kenaka akulota bambo ake akuyesa kumuuza kanthu koma mawu osamveka, ndi mnzake Terry akumulozera moto wowotchera nyama. Malotowo akumukwiyitsa, poti kufunika kwa moto ankakudziwa kale. Dzuwa litawala pa chitsulo cha kankhwangwa m'pamene zidutswa zonsezi zikulumikizana m'mutu mwake. Mlembi wapatsa wowerenga mpata wa masamba angapo woti afike pa yankho mwininkhani asanafike. Funso labwino liyenera kufunsidwa mkati mwa mpata umenewo, buku litatsekedwa kanthawi: kodi n'chiyani chachitika usiku uno chimene Brian sanachilabadire? Likafunsidwa kumapeto kwa mutu limakhala lachedwa, mwana atauzidwa kale. Mutu 9 ukupitiriza ndi ndondomeko yomweyo. Udzu ndi timitengo zikukana, ndalama ikukana, khungwa la mtengo wa birch losalazidwa ngati tsitsi likungofuka, mpaka atakumbukira phunziro la sayansi lakuti moto umafuna mpweya n'kuyamba kuuzira. Kulephera kulikonse kukuchotsa yankho limodzi lolakwika, ndipo mwana amene angathe kunena chifukwa cha kulephera kulikonse wamvetsa mutuwo ngakhale ataiwala dzina la mtengo.

Fanizo labwino koposa la kumvetsa nkhani lili m'mutu 15. Brian wakhala akulephera kupha mbalame zija chifukwa sakuziona; nthenga zake zimafanana ndi masamba, ndipo amazindikira kuti zinalipo zitauluka kale. Tsiku lina akuona imodzi ikuuluka m'kuwala n'kuzindikira kuti wakhala akufunafuna chinthu cholakwika. Ankayang'ana nthenga ndi mtundu, m'malo moyang'ana maumbidwe a thupi lonse, losongoka kumutu ndi lonenepa kumbuyo. Atasintha kayang'anidwe, mbalame zikuoneka paliponse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu kudekha kokha sikunamuthandize mpaka atadziwa choti ayang'ane. Wophunzira amene wazolowezedwa kusaka mawu ovuta ndi mayankho a mzere umodzi ali ngati Brian wosaka nthenga uja. Louise Rosenblatt, m'buku lake la The Reader, the Text, the Poem la mu 1978, anasiyanitsa kuwerenga kofuna kutolamo kanthu koti munthu apite nako ndi kuwerenga kokhala m'kati mwa nkhani pamene ikuchitika. Nthano ya m'tchire imanyenga mphunzitsi chifukwa ili ndi zambiri zotoleka, monga kakolezedwe ka moto ndi chifukwa chimene muvi uyenera kulunjikidwa m'munsi mwa pamene nsomba ikuoneka m'madzi, kotero n'kosavuta kuisandutsa buku la malangizo.

Zikatero, chimene chimatayika ndi thupi la nthanoyi. M'mutu 12 ndege ikudutsa chapafupi n'kubwerera osamuona. Mutu 13 ukutsegula pa tsiku la 47, ndipo wowerenga akumva mobwerera m'mbuyo kuti usiku wa tsiku la ndege lija mnyamatayo anataya mtima mpaka kufuna kudzipha, ndiponso kuti kuyambira m'mawa mwake amadziona ngati munthu wina. Mlembi wadumpha masiku oposa 40, kenaka n'kuyamba kuwasimba monga zikumbukiro. Apa m'pamene wowerenga wofooka angasochere, osati chifukwa cha liwu lovuta lililonse koma chifukwa nthawi ya aneni yasintha ndipo nkhani ikuyenda chobwerera. Palibe mndandanda wa mawu umene ungamuthandize. Akufunika womuonetsa pamene wofotokoza nkhani waima ndi kumene akuloza. Chinsinsi chija nachonso, chimene chikudzaza mitu yoyamba, chikuzilala pamene njala ikukula, ndipo bukuli likutha Brian asanawauze bambo ake. Ulusi umenewu ndiwo wofooka m'nthano yonse, pakuti mayi ake akuweruzidwa osapatsidwa mpata woyankhula, koma kuzilala kwake ndi chinthu chimene mwana angafunsidwe kuti achione ndi kuchifotokoza.

Mutu womaliza uli ndi chiyeso choposa mafunso onse a papepala. Kavuluvulu wamphamvu atatukula mchira wa ndege pamwamba pa madzi, Brian akumanga mitengo yoyandama, akuboola ndegeyo ndi kankhwangwa n'kutulutsa thumba lija. M'katimo muli chofunda, mapoto, mpeni, zoyatsira moto za gasi, chakudya chouma ndi mfuti. Wophunzira wosaka nthenga adzalemba mndandanda wa zinthuzi n'kukhoza. Koma chimene mlembi akufuna chili pa kusakondwa kwa mnyamatayo: atagwira mfuti ndi choyatsira moto akumva ngati zamuchotsa m'nkhalango, ngati zaika mpata pakati pa iye ndi zonse zimene waphunzira. Kumva kumeneku mlembi akukunena poyera, koma kulemera kwake sikuli pa tsamba limenelo. Kuti mwana afotokoze chifukwa chimene munthu wanjala angakayikire mphatso yotere, ayenera kukhala atanyamula m'mutu mwake minga ya nungu, khungwa la birch ndi maumbidwe a mbalame zija.

Zonsezi zanenedwa poganizira mwana amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake choyamba, yemwe ndi amene bukuli linalembedwera. Mphunzitsi wa ku Malawi kapena kummawa kwa Zambia amene angafune kubwereka bukuli pamodzi ndi mapepala ake ayenera kuganiza kawiri. Batia Laufer mu 1989 anapeza kuti wowerenga chiyankhulo chachiwiri amafunika kudziwa mawu 95 mwa 100 alionse kuti amvetse nkhani mokwanirako, ndipo Marcella Hu ndi Paul Nation mu 2000 anakweza chiwerengerochi kufika pa 98 kwa wowerenga nthano popanda womuthandiza, kunena kwina liwu lachilendo limodzi lokha mwa mawu 50. Mwana amene sadziwa liwu limodzi mwa asanu sangatole matanthauzo kuchokera m'nkhani, chifukwa mawu oyandikana nalo, amene akanamuthandiza, ndi achilendonso. Kwa iyeyu kuphunzitsiratu mawu ena n'kosapeweka. Funso ndi lakuti mawu ake ati.

Apa mndandanda wolembedwera mwana wa ku Ohio ungasocheretse. Donna Recht ndi Lauren Leslie mu 1988 anapatsa ana nkhani ya masewero a baseball, ndipo anapeza kuti ana ofooka pakuwerenga koma odziwa masewerowo anaikumbukira ndi kuifotokoza bwino kuposa ana odziwa kuwerenga koma osadziwa masewerowo. Zimene munthu akudziwa kale zimanyamula gawo lalikulu la kumvetsa. Mwana wa kumudzi wokulira kubusa, wodziwa kukoleza moto ndi udzu wouma, kutcha diwa ndi kuvuula nsomba m'mono, ali patsogolo pa Brian m'mitu yambiri. Iye chinthu ali nacho kale. Chimene akusowa ndi dzina lake la Chingerezi basi. Kwa mwana wa ku Ohio liwu loti spark ndi losavuta koma kukoleza moto ndi kwachilendo, pamene kwa uyu ndi mosemphana. Mawu oti aphunziretu ndi a tsiku ndi tsiku aja amene wolemba mndandanda wa ku America sanawaganizire n'komwe, ndipo akawadziwa akhoza kuwerenga mitu ya moto monga woweruza, kunena pamene Brian akulakwitsa mlembi asananene. Mnzake wokulira m'nyumba ya magetsi ku Lilongwe kapena ku Lusaka ali pafupi ndi Brian kuposa ndi iyeyu, ndipo m'kalasi mmene awiriwa akhala pamodzi, wa kumudziyo ndiye mphunzitsi wa mutu 9.

Mayina a nyama ali ndi msampha wake. N'kosavuta kunena kuti porcupine ndi nungu ndipo skunk ndi kanyimbi, ndipo pa zosowa za nkhaniyi kumasulirako kukugwira ntchito: minga ndi minga, fungo ndi fungo. Komabe nungu ya ku North America imakwera mitengo ndipo minga yake ndi yaifupi yokhala ndi tingowe, pamene ya kuno imagona kuuna ndipo minga yake ndi yaitali. Skunk ndi kanyimbi ndi nyama za mabanja osiyana zimene zinangofanana mizere ndi chida chodzitetezera. Pofika pa moose, chinyama chimene chikumugunda Brian n'kumumiza m'madzi m'mutu 16, Chichewa chilibe liwu lenileni, ndipo kunena kuti ndi ntchefu ya kumeneko kumapereka chithunzi cholakwika. Ulendo womwewu unayendedwapo chobwerera: anthu oyankhula Chidatchi atafika kummwera kwa Africa n'kuona ntchefu anaitcha eland, dzina limene kwawo ndi la moose. Apa njira ya mlembi ndiyo yabwino. Mwana aione nyamayo ikuchita zimene ikuchita, aipatse dzina lake ngati akufuna, chithunzi chibwere pambuyo.

Kutcha chinthu dzina motengera ntchito yake, kumene Brian akukutulukira chifukwa cha njala, si kwachilendo m'Chichewa. Brian wina, katswiri wa chikhalidwe cha anthu Brian Morris, amene buku lake la Common Mushrooms of Malawi linatuluka mu 1987, chaka chomwecho cha Hatchet, anaonetsa kuti liwu loti bowa anthu ambiri amalisungira mitundu yodyedwa, pamene yosadyedwa amaiponya m'gulu la chirombo, pamodzi ndi zamoyo zina zopanda ntchito kapena zoopsa. Amayi odziwa kusiyanitsa utale, ndelema ndi manyame sanaphunzire mayinawa pa mndandanda. Anawaphunzira dengu lili m'manja, nyengo ya dzinja, chinthucho chili pamaso pawo.

Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi wamkulu pambali, ndipo apa m'pamene bukuli liyenera kufunsidwa funso limene mafunso a kumapeto kwa mutu sangalifike. Nkhalango ya Hatchet ikuoneka ngati dziko lopanda mayina, lodikira mnyamata wa ku New York kuti adzalitche. Sizili choncho. Nkhalango za kumpoto kwa Canada ndi kwawo kwa anthu a mitundu ya Cree, Ojibwe ndi Dene. Chipatso chimene chinamutsekula m'mimba Brian, eni dziko a ku North America akhala akuchisinja ndi kuchiyanika kuyambira kalekale, n'kumachisakaniza ndi nyama youma ndi mafuta popanga chakudya chosungika chotchedwa pemmican. Mlembi mwiniwake akutsegula kachitseko m'mawu otsiriza: woyendetsa ndege amene anamva chizindikiro cha wailesi ya m'thumba lija n'kutera pakanyanja paja anali wogula zikopa amene ankalemba mapu a misasa ya alenje a mtundu wa Cree. Ndiye kuti anthu analipo, kungoti nthano sinawafune. Mu Brian's Winter ya mu 1996, imene Paulsen analemba poyankha owerenga odandaula kuti mnyamatayo anapulumutsidwa nyengo yachisanu isanamuyese, Brian akutsirizira pakhomo pa banja la mtundu wa Cree, limene likukhala bwinobwino m'nkhalango yomweyo imene iye wakhala akulimbana nayo. Nthano za mtundu wa Crusoe zakhala ndi khungu limeneli m'maso kuyambira pa Defoe, amene mwininkhani wake akupatsa munthu mnzake dzina la tsiku la pasabata osamufunsa dzina lake, n'kuyamba kumuphunzitsa mawu a Chingerezi. Owerenga a m'chigawo chino, kumene mathithi a Mosi-oa-Tunya anapatsidwa dzina la mfumukazi ya ku Britain mu 1855, sangavutike kuliona khunguli.

Umboni wa eni nkhalangoyo uli m'mawu omwe a bukuli. Liwu loti pemmican Chingerezi chinalibwereka ku chiyankhulo cha Cree, ndipo moose ndi skunk chinawabwereka ku ziyankhulo za kummawa za banja la Algonquian, banja lomwelo la Cree ndi Ojibwe. Brian akamatchula nyama ziwirizi ndiye kuti akuyankhula mawu a anthu amene nthano ikuchita ngati kulibe. Mphunzitsi wa ku Ohio sangaime pa mawu amenewa, chifukwa ana ake amawadziwa kuyambira ali aang'ono ndipo palibe chifukwa chowaikira pa mndandanda. Mphunzitsi wa ku Dedza kapena ku Katete ayenera kuima pamenepo, afune asafune, poti ana ake adzamufunsa kuti skunk n'chiyani. Ndipo atawayankha, akhoza kuwafunsanso kuti ngati dzinali silinachokere ku England, kumene nyamayi si yachibadwidwe, ndani anaitcha.